ZA KULERA ANA A MANJA ALUSO

Mwezi uno tilingalire pamodzi za mphatso imodzi imene mpingo ucedwa kuizindikira, ndiyo luso la manja.

M'buku la Eksodo, mutu 35, timva kuti pamene Mulungu anafuna cihema m'cipululu, anasankha Bezaleli wa pfuko la Yuda, nampatsa mnzace Aholiabu wa pfuko la Dani. Bezaleli sanali wansembe kapena mneneri; anali mmisiri wosema mitengo ndi miyala, wosula golidi ndi mkuwa. Koma Mzimu wa Mulungu anali pa iye. Ndipo pali cina cimene ambiri tiwerenga mothamanga: awiriwo analandiranso mtima wa kuphunzitsa anzao. Luso ndi uphunzitsi zinacokera ku dzanja limodzi.

Nanga golidi, nsaru ndi matabwa anazitenga kuti? Anthu anadza nazo tsiku ndi tsiku, akazi napota ubweya wa mbuzi, kufikira Mose anawaletsa popeza zinacuruka. Potero tiona kuti luso licokera kwa Mulungu, koma zipangizo ndi nthawi mmisiri azilandira kwa abale ace.

Wina adzati, Kodi zosemasema si mafano? Funsoli nloyenera. Kumbukirani kuti m'cigono comweco Aroni anatenga mphete za anthu, napanga mwana wa ng'ombe wa golidi, ndipo anthu anacimwa kwakukuru. Golidi wa Aroni sanasiyana ndi golidi wa Bezaleli. Unasiyana ndi mtima. Fano liti, Gwadira ine. Cosema ca mmisiri woopa Mulungu cifanana ndi mthenga wa mfumu: sitimgwadira mthenga, koma timvera mau amene wadza nao.

M'dziko lathu lino akuru ena anazindikira ici. Chalichi ca St Michael and All Angels ku Blantyre cinamangidwa kuyambira 1888 kufikira 1891. David Clement Scott anatsogolera nchito, koma amene anaumba njerwa ndi kuziyala anali anthu a dziko lino, ophunzira umisiri pa nchito pomwepo. Ndipo nyumbayo iri ciimire kufikira lero. M'caka ca 1929 ku Domasi kunatsegulidwa sukulu ya Jeanes. Aphunzitsi osankhidwa anapita kumeneko pamodzi ndi akazi ao, napatsidwa pokhala zaka ziwiri, kuti pobwerera akathandize sukulu za m'midzi.

Koma citsanzo coposa ciri ku Mua, m'boma la Dedza. Bambo Claude Boucher wa ku Canada anafika m'Malawi m'caka ca 1967, naphunzira cinenero ndi miyambo ya anthu, kufikira anamucha Chisale. M'caka ca 1976 anayamba malo ochedwa Kungoni. Sanaitana amisiri a kutsidya kwa nyanja, ai. Anasonkhanitsa osema a m'midzi yozungulira, nawapatsa pogwirira nchito, mitengo ndi malangizo, nawalimbikitsa kusema nkhani za Cipangano ndi nkhope ndi zobvala za kwathu kuno. Ophunzira oyamba anasanduka aphunzitsi a ena, ndipo zosema za ku Mua zinalowa m'machalichi a m'Malawi ndi a maiko akutali. Pomwepo panamangidwanso nyumba ya Chamare, yosungira miyambo ya Acewa, Angoni ndi Ayao, kuti ana asaiwale kumene anacokera.

Tsono tibwerere kwathu. Mwana aumba ng'ombe zadothi kudambo, ndipo ife titi, Angotaya nthawi. Mtsikana apeka nyimbo pa mtondo, ife tingoseka. Mnyamata ajambula pa khoma ndi khala, ife timthyolera mkwapulo. Akakula, msewu wa ku Blantyre kapena wa ku Zobue ndi Tete umtenga, kapena atsikira ku Joni kukagwira nchito ina, ndipo luso lifera m'manja mwace. Pomweponso agogo oumba mbiya ndi oluka malicero atsikira kuli cete, osasiya wolowa m'malo. Cimene Mulungu anatumiza ku mudzi wathu tacibweza cosagwiritsa nchito. Tidzayankha ciani?

Cifukwa cace tipempha mpingo uli wonse ucite zinthu zinai. Coyamba, akuru ndi amai a mpingo asankhe mwana mmodzi kapena awiri aluso, wamwamuna kapena wamkazi, osayang'ana kuti ndi mbale wa yani. Caciwiri, pa masika banja liri lonse lipatule licero la cimanga, kuti wosankhidwayo adye caka cathunthu, ndi kumgulira kasemasema, mpeni, utoto kapena mapepala, monga mwa luso lace. Cacitatu, timpereke kwa mmisiri wamkuru wa makhalidwe okoma, wa pafupi kapena wa kutali, ndipo mphunzitsi wa mpingo aziwerenga naye Mau a Mulungu, kuti manja ndi mtima zikulire pamodzi. Cacinai, iye alonjeze pamaso pa mpingo kuti caka cikatha adzaphunzitsa ana a m'mudzi kwaulere, ndi kusiya nchito imodzi ya manja ace m'nyumba ya Mulungu: kapena mtanda, kapena ng'oma, kapena nyimbo yatsopano.

Tidziwa kuti nkhokwe zina nzopepuka, ndi kuti ena adzati, Mwanayo si wanga. Koma makolo anati, mwana wa mnzako ngwako yemwe, ukacenjera manja udya naye. Inu a kuno ku Mwanza mudziwa bwino kuti wobzala mtengo wa manacesi sadya zipatso caka comweco. Authirira, auchinjiriza ku mbuzi ndi ku moto wa lupsa, nadikira zaka. Koma ukayamba kubala, mudzi wonse ukondwera. Kulera mmisiri nkotero.

Ndipo inu anyamata ndi atsikana aluso, musadzikuze. Simunagula lusolo pa msika. Munalandira, ndipo wolandira ayenera kugawa.

Mulungu amene anaumba munthu ndi dothi atsegule maso athu, tione a Bezaleli amene wawaika pakati pathu, ndipo atsegulenso manja athu kuti tiwalere. Amen.