Kodi N'kulakwa Kuti Mfumu Ivine?

Chiyambire kale anthu oopa Mulungu akhala akusiyana maganizo pa nkhani ya chisangalalo, ena nati kuvina, kudya zonona ndi kuvala zonyezimira ndizo mphatso za Mlengi, amene anapatsa munthu miyendo ndi makutu asanampatse malamulo, ena nati zonsezi ndi msampha wa Woipayo, umene munthu amalowamo akuseka. Ndipo popeza mbali zonse ziwiri zimatsegula Buku limodzi, awa naloza Davide akuvina pamaso pa likasa, awo naloza mwana wamkazi wa Herodiya akuvina pamaso pa Herode, mlanduwu sunagamulidwe konse ndi kuwerenga mavesi kokha. Koma kuli dziko kumene mkanganowu sunathere pa guwa kapena m'mabuku a aphunzitsi, kumene anthu anadulidwa makutu chifukwa cha iwo, ndi malamulo analembedwa oletsa Khirisimasi imene. Dzikolo ndi England, m'masiku a mfumu James I, amene analowa ufumu m'chaka cha 1603, ndi mwana wake Charles I, amene anamlowa m'malo mu 1625.

Chaka cha kubwalo la mafumu amenewa chinali ndi nyengo zake zosaphonyeka. M'miyezi yofunda mfumu inkayendera nyumba za makosana ake ndi kusaka nyama m'nkhalango zake, ndipo wolandira ulendo wotere ankatsala ndi ulemu waukulu pamodzi ndi ngongole yoposa ulemuwo. Koma chisanu chikafika, pamene dzuwa la kumeneko limalowa cha m'ma 4 koloko masana, onse ankasonkhana ku nyumba yachifumu ya Whitehall, m'mbali mwa mtsinje wa Thames, kudzadya masiku khumi ndi awiri a Khirisimasi, kuyambira pa 25 Disembala kufikira pa 6 Januwale. Pa tsiku loyamba la Januwale nduna, mabishopu ndi antchito a m'nyumba ankapereka mitulo kwa mfumu, iyo niwabwezera ziwiya zasiliva monga mwa ukulu wa aliyense. Usiku kunkakhala juga, zisudzo ndi magule, ndipo zimenezi zinkabukanso mu Febuluwale kufikira madzulo otsiriza Lenti isanayambe, pamene zoimbira zinkaikidwa padera ndipo alaliki ankatenga malo a ovina.

Khirisimasi yoyamba ya James inadyedwa ku Hampton Court, pakuti mliri unali utapha anthu oposa 30,000 mu London chaka chimenecho. Pa 8 Januwale 1604 mfumukazi Anne, wobadwira ku Denmark, anavina pamodzi ndi akazi ena olemekezeka atavala ngati milungu yaikazi ya Agiriki. Ndipo patangopita sabata imodzi, m'nyumba yachifumu yomweyo, mfumu inakhala pansi ndi mabishopu ndi atsogoleri a anthu otchedwa Puritan kukamba za mpingo, ndipo pamenepo John Rainolds anapempha kuti Baibulo limasuliridwe mwatsopano, ntchito imene inatha mu 1611 ndi kubala buku lija la Chingerezi limene amishoni ambiri anafika nalo kuno kwathu. Ndatchula zimenezi kuti tisafulumire kuganiza kuti ovinawo anali anthu osapembedza. Mfumu yomwe inkakhala mpaka pakati pa usiku kuonerera gule inkadzukanso m'mawa wa Khirisimasi kukamva ulaliki wozama wa Lancelot Andrewes, ndipo sinkaona kuti ziwirizi zikulimbana.

Pa zosangalatsa zonse za nyengoyo, chachikulu chinali gule wa zigoba kumaso amene eni ake ankamutcha masque. Mawu ake ankalemba olemba ndakatulo ngati Ben Jonson, ndipo zooneka ndi maso ankakonza mmisiri Inigo Jones, amene anaphunzira ku Italy kupanga mitambo yotsika kuchokera kudenga itanyamula anthu, nyanja ya mafunde oyenda ndi mapiri ong'ambika pakati, zonsezi zikuyendetsedwa ndi zingwe ndi magudumu obisika kuseri. Poyamba pankatuluka azisudzo olembedwa ganyu, akusewera ngati mfiti, zidakwa kapena amisala, kuimira chipwirikiti cha m'dziko. Kenaka nyimbo inkasintha mwadzidzidzi, oipawo nathawa popanda kumenyana, ndipo pankaoneka ana a mafumu m'zovala za golide ndi ngale, osalankhula kanthu, pakuti kulankhula pa chionetsero kunali ntchito ya olipidwa, koma akungovina mwaulemu, mpaka potsiriza ankatsika ndi kutenga oonerera kuti avine nawo. Chinthu chimodzi chiyenera kukumbukika bwino: zithunzi za kumbuyo zinkajambulidwa mwa luso lakuti zioneke zangwiro kuchokera pa mpando umodzi wokha, ndiwo wa mfumu, ndipo munthu akakhala kutali ndi mpandowo, misewu ndi nyumba zojambulidwazo zinkamuonekera zopotoka. N'chifukwa chake akazembe a ku France ndi Spain ankakangana koopsa za amene aitanidwe ndi pamene akhale. Ntchito ya miyezi yambiri inkaonetsedwa usiku umodzi kapena uwiri, nigumulidwa.

Sizinali zonse zaulemu monga zinalembedwera. Pa 6 Januwale 1605 mfumukazi ndi akazi anzake anadzipaka utoto wakuda kumaso ndi m'mikono, nasewera ngati ana aakazi a mtsinje wa Niger ofunafuna dziko limene kuwala kwa mfumu yake kungawayeretse khungu (ife eni khungulo tingoti, nawonso akuluakulu amalota masana), ndipo gule atatha, alendo olemekezekawo anathamangira chakudya mwaphuma kotero kuti matebulo anagubuduzika asanadye n'komwe. Ndipo ngati tikhulupirira kalata ya Sir John Harington yonena za phwando la ku Theobalds mu 1606, pamene mfumu Christian IV ya ku Denmark inadzacheza kwa mlamu wake, akazi osewera ngati Chikhulupiriro ndi Chiyembekezo anali ataledzera kotero kuti analephera kunena mawu awo.

Nzosadabwitsa tsono kuti anauka munthu wodzudzula, ndiye William Prynne, wodziwa malamulo wa ku Lincoln's Inn, amene analemba buku la masamba oposa 1,000 lotchedwa Histriomastix, lotsutsa zisudzo, magule ndi madyerero a Khirisimasi, nati zonsezi n'zotsala za chikunja. Ndipo m'menemo anaika akazi ochita zisudzo m'gulu la achigololo, pa nthawi imene mfumukazi Henrietta Maria, mkazi wa Charles, anali kukonzekera kusewera yekha m'chisudzo mu Januwale 1633. Akale anati wakutsina khutu ndi mnansi, koma kubwalo kumeneku wotsinayo ndiye anataya makutu: mu 1634 khoti la Star Chamber linamlipitsa mapaundi 5,000, linamchotsa pa ntchito, linatentha buku lake, linalamula kuti adulidwe makutu poyera ndi kukhala m'ndende moyo wake wonse, ndipo mu 1637, chifukwa cha zolemba zina, anamaliza kudula zotsala za makutuwo namtentha masaya ndi chitsulo chamoto. Anzake odziwa malamulo, pofuna kusamba m'manja pamaso pa mfumu, anakonza gule wawo wotchedwa The Triumph of Peace mu Febuluwale 1634, amene anadya mapaundi oposa 21,000, m'dziko limene waganyu wa kumunda sankafika mapaundi 20 pa chaka chonse.

Apa ndipo pagona funso lathu. Ine sindikhoza kuvomerezana ndi Prynne kuti tchimo linali m'kuvina kwenikweniko, pakuti Ambuye amene Prynne ankamtumikira anayamba zizindikiro zake pa ukwati wa ku Kana, ndipo tate wa mwana wolowerera analamula zoimba ndi zovina, wodandaula nakhala mkulu wa mwanayo amene anakana kulowa m'nyumba. Komanso sindikhoza kuyeretsa a ku Whitehall ndi kunena kuti anali kungokondwera monga ana osalakwa. Kulakwa kwawo ndikuona pena, ndipo chimene chimandionetsa ndi usiku wa pa 26 Disembala 1606, pamene gulu la William Shakespeare linasewera King Lear pamaso pa James m'nyumba yachifumu yomweyo. Taganizirani zimene mfumu inaona usiku umenewo, tsiku lotsatana ndi Khirisimasi: mfumu yokalamba yogawa dziko kwa ana ake monga mwa kukoma kwa mawu awo osyasyalika, yopirikitsa mwana mmodzi yekhayo amene ananena zoona, yomva nzeru kuchokera pakamwa pa chitsiru chake, ndipo potsiriza yoima pa mvula yamkuntho yopanda denga, nizindikira pamenepo kuti pa masiku ake a ulemerero sinasamale amphawi ogona kunja. Chimenechi chinalinso chisangalalo cha nyengo, chokhala ndi nthabwala ndi nyimbo zake, koma chinali chisangalalo chotha kuuza mwini phwando chimene sanafune kumva. Ndipo chinatha kutero chifukwa chinachokera kwa anthu ozolowera kusewera ku Globe, tsidya lina la mtsinje, kumene mmisiri wolipira kobiri imodzi ankaonerera ataimirira, nkuwombera m'manja kapena kunyoza monga kunamkomera. Koma gule wa zigoba uja anabadwira m'nyumba, analipiridwa ndi mfumu, anakonzedwera maso a mfumu, ndipo mathero ake ankadziwika asanayambe: zoipa zonse zithawa pakungoonekera nkhope yachifumu. Munthu amene amva uthenga umenewu chaka ndi chaka, m'nyimbo zokoma ndi m'kuwala kwa miyuni mazana, kodi adzalephera kuukhulupirira?

James, amene sankavina yekha koma kungoonerera, ndipo nthawi zina ankatopa nazo poyera, mwina sanaukhulupirire kwenikweni. Charles anaukhulupirira. Iye analamulira popanda Nyumba ya Malamulo kuchokera mu 1629 kufikira 1640, nasonkhetsa misonkho imene anthu ambiri anaiyesa yosaloleka, ndipo m'zaka zomwezo anakongoletsa Banqueting House, nyumba ya maphwando imene Inigo Jones anamaliza mu 1622, ndi zithunzi za kudenga zojambulidwa ndi Rubens, zoonetsa atate ake ngati Solomo ndiponso akukwezedwa kumwamba. Zithunzizo zitaikidwa mu 1636, magule anasamutsidwira m'nyumba ina yamatabwa kuti utsi wa miyuni usadetse ulemerero wojambulidwawo. Gule wotsiriza, Salmacida Spolia, anavinidwa mu Januwale 1640, anthu a ku Scotland atatenga kale zida chifukwa cha buku la mapemphero limene mfumu inawakakamiza. Ndipo m'menemo Charles mwini anasewera ngati mfumu yokonda anthu ake, yogonjetsa mizimu ya mpanduko ndi kuleza mtima kokha, mfumukazi natsika kwa iye kuchokera m'mitambo. Ng'oma yolira kwambiri sichedwa kung'ambika. Nkhondo ya pachiweniweni inabuka mu 1642, ndipo pa 30 Januwale 1649 Charles, atavala malaya awiri kuti asanjenjemere ndi chisanu anthu n'kumuyesa wamantha, anadutsa pansi pa zithunzi za Rubens zija natulukira pa nsanja yomangidwa kunja kwa Banqueting House, pamene anadulidwa mutu.

Wina angati apa Mulungu anagamula mlandu mokomera Prynne, monga anagamulira usiku wa phwando la Belisazara. Koma tiyeni tione chimene opambanawo, a Nyumba ya Malamulo ndi a Puritan aja, anachita ndi mphamvu zawo. Anatseka nyumba za zisudzo mu Seputembala 1642. Mu 1644, tsiku la kusala kudya la mwezi ndi mwezi litagwera pa 25 Disembala, analamula kuti anthu asale ndithu. Ndipo mu Juni 1647 anathetsa ndi lamulo maphwando a Khirisimasi, Pasaka ndi Pentekoste. Pofuna kukantha kunyada kwa ana a mafumu, anakantha wantchito wa kumunda ndi mnyamata wophunzira ntchito m'tauni, amene masiku khumi ndi awiri aja ndiwo anali mpumulo wawo, nthawi imene mwambo unkakakamiza mwini chuma kutsegula chitseko ndi kudyetsa anansi ake osauka. Ana a mafumu anali nazo nyumba zawo zoti akadyeremo mobisa; wosauka analibe. Pa Khirisimasi ya 1647 anthu a ku Canterbury anachita chipolowe pokana kuti msika utsegulidwe pa tsikulo, ndipo Nyumba ya Malamulo yomwe, pozindikira kuti munthu sangagwire ntchito chaka chonse osapuma, inali itaika kale Lachiwiri lachiwiri la mwezi uliwonse kuti likhale tsiku la masewero kwa antchito ndi ophunzira ntchito. Koma tsiku loikidwa ndi alembi, lopanda nyimbo yake, lopanda nkhani ya Mwana wobadwa m'khola, silinalowe m'mitima ya anthu. Mwa ichi ndiyesa kuti mbali ziwirizi zinadwala nthenda imodzi, ngakhale zinkadana mpaka imfa: mfumu inakonza phwando loti lioneke bwino kuchokera pa mpando wake wokha, ndipo oyera mtima aja anakonza chipembedzo choti chikomere chikumbumtima chawo chokha, onse osafunsa munthu wamba amene ankasenza nkhuni za phwandolo ndi kumva njala ya kusalako.

Za Prynne mwini, mathero ake ndi odabwitsa. Munthu amene anataya makutu chifukwa cha bwalo la Charles ndiye anaima m'Nyumba ya Malamulo mu Disembala 1648 kulimbikitsa kuti agwirizane ndi mfumuyo, ndipo asilikali anamtsekera kunja pamodzi ndi anzake ambiri. Anatsutsa kuphedwa kwa mfumu, anamangidwa ndi boma latsopano, ndipo mu 1660 anali mmodzi wa olimbikira kuti Charles II abwerere ku mpando wa atate ake. Ufumu utabwerera, Khirisimasi inabwerera, nyumba za zisudzo zinatsegulidwa, ndipo kwa nthawi yoyamba akazi anayamba kusewera poyera m'zisudzo za mu London, chinthu chomwe buku lake lija linatemberera. Mfumu yatsopanoyo inampatsa ntchito yosunga zolembedwa zakale za ufumu mu Tower of London, ndipo anaigwira mwakhama, akufukula zikopa zafumbi ndi kulembabe mabuku aatali, kufikira imfa yake mu 1669.