Usanakweze Dzanja pa Okushoni

Mphwanga, ndamva kuti wapeza ntchito yotuta miyala ku kwale, ndipo ukufuna kutsikira ku Johannesburg kukagula pa okushoni tipa yopindika pakati, zija amati ADT. Maganizowo ndi abwino, chifukwa pa matope a dzinja pamene tipa wamba imatitimira, iyi imakoka ndi matayala onse 6. Koma khala pansi undimvere.

Pa okushoni katundu amagulitsidwa mmene alili. Pa mapepala a kumeneko udzaona mawu akuti voetstoots. Nyundo ikangogunda, mng'alu uliwonse ndi wako, ndipo palibe wobweza ndalama. N'chifukwa chake amapatula tsiku loti ogula adzaone katundu. Tsiku limenelo usaliphonye, ndipo zithunzi za pa foni usazikhulupirire. Upite wekha, utenge makaniko wozolowera makina a m'migodi, osati wa maminibasi.

Ukafika, penti isakukope. Chikomekome cha mkuyu, mkati muli nyerere. Yamba pakati, pamene mutu umalumikizana ndi ngolo. Kuyambira mu 1966, pamene a Volvo anatulutsa tipa yoyamba ya mtundu uwu, nzeru yonse yagona pa mfundo imeneyi: galimoto imakhota popindika pamenepo, ndipo mutu ndi ngolo zimapendekeka chilichonse pachokha. Matani 28 amene tipa ngati Bell B30 imasenza amakoka ndi kupotokola malo omwewo tsiku lonse. Uza woyendetsa akhotetse chiwongolero uku ndi uku, iwe uime chapatali ndithu, chifukwa pakatipo pamafinya munthu mpaka kufa. Yang'ana mapini ndi mabushi. Zikamagwedera kapena kugogoda, dziwa kuti mwina ndi mabowo omwe adyeka, ndipo kukonza kwake n'kogawa galimoto pawiri. Girizi wouma akukuuza mmene eni ake ankaisamalira. Pala matope, uunike ndi tochi pa chasisi pafupi ndi mfundoyo. Ukapeza powotcherera chatsopano, kapena penti yonyezimira pa kamalo kamodzi kokha, pali chimene chakwiriridwa.

Injini uipeze yozizira. Lawira, uigwire ndi dzanja. Ikakhala yofunda, wina wailiza kale kuti usamve mmene imavutikira kudzuka. Utsi wa buluu ndi oilo amene akupsa. Woyera wosaleka ungakhale madzi olowa m'masilinda. Injini ikulira, tsegula pothirira oilo: pakamafuka mpweya wambiri, maring'i atha. Oilo wotuwa wasakanikirana ndi madzi. Mita ya maola imasinthidwa ndi aliyense wodziwa sipanala, choncho ifananize ndi zimene kompyuta ya galimotoyo yasunga, uonenso mmene mpando ndi zopondera zathera. Lemba nambala ya chasisi, uimbire ogulitsa makina a mtunduwo, ufunse mbiri ya sevisi yake.

Akalola kuiyendetsa, ilowe magiya onse, chakutsogolo ndi chambuyo, uyese mabuleki ndi ma diff lock. Kweza ngolo mpaka pamwamba, uisiye kanthawi. Ikamatsika yokha, masilinda okwezera akutaya mphamvu. Ona ngati ndodo zake zakalika kapena zanyowa, ugogodenso pansi pa ngolo, poti miyala imadya chitsulo mpaka kupyapyala. Matayala a 23.5R25 uwayendere limodzilimodzi, mkati ndi kunja komwe. Onse akakhala otha, mtengo wake wokha ungameze phindu limene umati wapeza. Akakana kuti uilize n'komwe, iwerengere ngati yakufa, ndipo mtengo wako ukhale wa yakufa.

Tsopano za ndalama. Mtengo wa nyundo si mapeto. Pamwamba pake pali gawo la eni okushoni ndi VAT ya 15 peresenti, ndipo za kubwezeredwa kwa VAT imeneyi ufunsiretu. Tipa imeneyi siyenda yokha ulendo wa pamsewu; idzakwera lowbed kudzera ku Beitbridge, Nyamapanda ndi Tete mpaka pa Mwanza, pamene a msonkho a MRA akudikira. Ganiziranso za masipeyala. Bell imapangidwa ku Richards Bay, injini yake ndi ya Mercedes-Benz, giyabokosi ya Allison. Caterpillar, Komatsu ndi Volvo nazonso zili ndi ozidziwa m'chigawo chathu chino. Mtundu wachilendo wotchipa udzagona pabwalo miyezi, ngongole ya kubanki ikuyenda.

Uphatikize zonsezi usiku woti mawa ndi okushoni, ulembe papepala mtengo umene sungapitirire. Mkati muja mitima imatentha, ndipo anthu amayamba kulimbana ndi anzawo m'malo mogula galimoto. Mtengo ukadutsa chimene walemba, tsitsa dzanja. Matipa sadzatha, mphwanga, koma mpamba wako ukatha palibe adzakubwezere.