Chithunzi cha Pamwamba pa Phiri

Lamulungu Lachiwiri la Nyengo ya Lenti, Chaka A
Mawerengo: Genesis 12:1-4, 2 Timoteo 1:8-10, Mateyo 17:1-9

Pa msonkhano wa mphakati wina, mapemphero atatha, mayi wina adatulutsa foni nayamba kuonetsa anzake chithunzi. Mwana wake wamkazi, amene adapita ku Ireland zaka zinayi zapitazo, waima pamwamba pa phiri, wavala jekete yofiira, ndodo ili m'manja, kumbuyo kwake kukuoneka nyanja ndi tizilumba tambirimbiri. Akumwetulira mano onse pamtunda. Amayi anzake adayamikira kukongola kwa malowo, koma mwini foniyo nkhope idali yakugwa. "Taonani amayi anzanga," adatero, "ine kuno ndikudikira fizi ya mng'ono wake, iye ali kalikiliki kukwera mapiri ngati mzungu. Kodi kuphiriko adatayako chiyani?"

Funso la mayiyu si lachabe. Kwa munthu amene adakulira m'munsi mwa Ndirande, Soche, Zomba kapena Dedza, phiri ndi malo a ntchito. Wokwera phiri amapita kukatola nkhuni, kukamweta udzu, kukafuna bowa kapena masuku, ndipo amatsika ndi mtolo pamutu, khosi likuwawa. Ena amakwera kukapemphera, ndipo amenewo aliyense amawamvetsa. Koma munthu kulipira tikiti ya sitima, kugula nsapato zodula, kukwera thukuta lili kamukamu, kenaka n'kutsika chimanjamanja, zimenezo kwa ambiri n'zizindikiro zoti ndalama zamuchulukira.

Komabe m'parishi ino ndi mabanja ochepa amene alibe wina wake kunja: ku Johannesburg, ku Cape Town, ku Dublin, ku Leeds kapena kwina. Ndipo zithunzi za mtundu umenewu zikubwera kawirikawiri pa WhatsApp. N'koyenera tsono kufunsa modekha chimene ana amenewa akupeza kuphiri, popeza Mthenga Wabwino wa lero nawonso ukukamba za anthu amene adakwera phiri natsika opanda mtolo.

Chithunzi chija sichionetsa masiku asanu ndi limodzi amene adatsogolera tsiku limenelo. Mtsikanayo amagwira ntchito m'nyumba yosamaliramo okalamba. Shifiti yake ndi ya maola khumi ndi awiri: kusambitsa agogo a eni ake, kuwadyetsa, kuwatembenuza pabedi, kuwasintha zovala, nthawi zina kuwagwira dzanja pamene akutsirizika. M'mwezi wa December ku Dublin dzuwa limatuluka 8 koloko itapitirira kale, ndipo pofika 4 koloko madzulo likulowa. Munthu amachoka panyumba kuli mdima nabwerera kuli mdima. Chipinda chimene amagonamo ndi cha lendi yodula, mwina chogawana ndi wina amene akugona pamene iye akudzuka. Palibe khonde lokhalapo madzulo, palibe woyandikana naye wobwera kudzapempha mchere n'kukhala pansi kucheza. Foni ikalira kuchokera kumudzi, mawu oyamba ndi moni, achiwiri ndi feteleza, mankhwala, malata kapena chopepesera maliro. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Munthu wotere akapeza tsiku lopuma, nakwera sitima ya maola oposa atatu kupita ku Westport, kumadzulo kwa dzikolo, akufuna chinthu chimene kwawo chidali chaulere ndipo sankachiwerengera: thambo lotseguka, mphepo, dothi kuphazi, ndi malo amene palibe womuitana ndi belu. Paphiri palibe wofunsa za mapepala kapena wodabwa ndi kalankhulidwe kake ka Chingerezi. Onse akupuma wefuwefu mofanana, ndipo mlendo wotsika amalimbikitsa wokwera kuti kwatsala pang'ono. Miyendo ikawawa chifukwa cha chitunda, mutu umaleka kuwerengera ngongole. Ambiri amene sankaganizako zokwera Mulanje ali kuno ayamba kukonda mapiri ali kunja pa chifukwa chimenechi.

Phiri la pa chithunzi chija dzina lake ndi Croagh Patrick, m'chigawo cha Mayo. Kutalika kwake ndi mamita 764 okha. Wa ku Mulanje angaseke, poti Sapitwa ndi mamita 3,002, ndipo ngakhale mzinda wa Lilongwe wakhala pamalo okwera kuposa nsonga ya phirili. Koma ulendo wake umayambira pafupi ndi gombe la nyanja, pamudzi wa Murrisk, choncho pafupifupi mamita onsewo munthu amawakwera ndi miyendo yake, ndipo chigawo chomaliza n'chotsetsereka kwambiri, chamiyala yokhayokha. Pamwamba pali katchalitchi koyera kamene kadamangidwa m'chaka cha 1905. Lamulungu lomaliza la mwezi wa July chaka chilichonse anthu zikwizikwi amakwera phirili pa ulendo wa mapemphero, ena opanda nsapato monga njira yolapira, ndipo ansembe amachita Misa ndi kumvetsera olapa pamwamba pomwepo. M'zaka za m'ma 1980 mudapezeka golide m'phirimo, koma anthu a kumeneko adakana kuti likumbidwe, ndipo golideyo akadali momwemo. Amene adawoloka nyanja kukafuna ndalama amapondaponda pamwamba pa chuma chimene eni dziko adasankha kuchisiya.

Mbiri ya Mpingo wa kumeneko imati Patrick Woyera adasala zakudya paphiri limeneli masiku makumi anayi m'chaka cha 441. Akhristu ambiri a ku Malawi amalidziwa dzinali chifukwa cha maparishi ndi masukulu otchedwa St Patrick's, ndiponso ansembe a chipani cha Kiltegan amene adachokera ku Ireland kudzatumikira kuno. Chimene ambiri sadziwa n'chakuti Patrick sadali mbadwa ya Ireland. Adabadwira ku Britain, ndipo ali ndi zaka pafupifupi 16 adagwidwa ndi achifwamba nagulitsidwa ukapolo kutsidya kwa nyanja. Zaka zisanu ndi chimodzi adaweta ziweto za mwini wake, kutali ndi makolo ake, pakati pa anthu a chilankhulo china. M'zimene adalemba atakalamba, iye mwini akuvomera kuti ali kwawo za Mulungu sankazilabadira, ngakhale kuti bambo wake adali dikoni. Kupemphera adakuphunzira ali kapolo, m'nkhalango ndi paphiri, m'mvula ndi m'chisanu, akudzuka kusanache. Mnyamata wogwira ntchito yonyozeka m'dziko la eni, wosungulumwa, ndi amene Mulungu adakumana naye paphiri. Mtsikana wa jekete yofiira uja, kaya akudziwa kaya sakudziwa, akuponda m'mapazi a mlendo mnzake.

Mawerengo oyamba a lero akunena za mlendo winanso. Mulungu adauza Abramu kuti asiye dziko lake, abale ake ndi nyumba ya bambo wake, apite kumene adzamuonetse. Adanyamuka ku Harani ali ndi zaka 75. Mawerengo a pa Misa akulekezera pamenepo, koma wopitiriza kuwerenga mutu womwewo kunyumba adzapeza kuti Abramu atafika ku Kanani, dziko limene lidali kale ndi eni ake, adapita kuphiri la kuvuma kwa Betele, namanga hema wake, namangiranso Mulungu guwa, napemphera. Adalibe munda wake m'dzikomo, adalibe ngakhale malo oika maliro kufikira pamene adagula phanga atamwalira Sara. Chimene adatha kumanga ndi guwa paphiri. Ndime ziwiri zokha kutsogolo kwake njala idagwa, ndipo adasamukiranso ku Ejipito. Buku Loyera silibisa kuti moyo wa mlendo ndi wosakhazikika, ngakhale mlendoyo atachita kuitanidwa ndi Mulungu.

Tsono Mthenga Wabwino. Ambuye Yesu adatenga Petulo, Yakobe ndi Yohane nakwera nawo phiri lalitali paokha. Mateyo satchula dzina la phirilo. Mwambo wakale wa Mpingo umati ndi Tabor, ku Galileya, limene silifika n'komwe mamita 600. Masiku asanu ndi limodzi m'mbuyomo Ambuye adali atawauza koyamba kuti akupita ku Yerusalemu kukazunzidwa ndi kuphedwa, ndipo Petulo adawadzudzula nadzudzulidwa koopsa. Adakwera phirilo mitima ili yolemera. Pamwamba paja nkhope ya Ambuye idawala, zovala zidayera mbee, Mose ndi Eliya adaoneka. Awiriwanso ndi anthu a mapiri: Mose adakumana ndi Mulungu pa Horebu ali wothawa kwawo, akuweta nkhosa za mpongozi wake ku Midiyani, ndipo Eliya adafika paphiri lomwelo akuthawa Yezebele, atatopa mpaka kupempha imfa. Palibe mmodzi mwa iwo adakwera chifukwa zinthu zidamuyendera bwino.

Petulo, monga mwa khalidwe lake, adafulumira kulankhula. Adaona kuti pamalopo n'pabwino ndipo adadzipereka kumanga misasa itatu. N'zosavuta kumuseka, koma aliyense amene adatopapo ndi moyo wa m'chigwa akumumvetsa. Amafuna kuti chithunzicho chisathe. Yankho lidachokera mumtambo, lowauza kuti amvere Mwanayo. Atagwa chafufumimba ndi mantha, Ambuye adawayandikira, nawakhudza, nawadzutsa. Ndipo adatsika. M'munsimo adapeza khamu la anthu, bambo akugwada chifukwa cha mwana wake wakhunyu amene ankagwera pamoto ndi m'madzi, ndi ophunzira ena atalephera kumuchiritsa. Ntchito ya Lolemba m'mawa idali ikuwadikira, yofanana ndithu ndi ya m'nyumba ya okalamba ija.

Apa pali mawu kwa ana a parishi ino amene ali kunja, poti ambiri amalandira kalatayi pafoni kuchokera kwa abale awo. Kukwera phiri n'kwabwino, ndipo palibe chifukwa chochitira manyazi kapena kubisa zithunzi kuopa kuti kumudzi anena. Papa Yohane Paulo Wachiwiri, amene adayendera Malawi m'chaka cha 1989, ankakonda mapiri kuyambira unyamata wake ku Poland, ndipo sadasiye ngakhale atakhala Papa. Koma tsiku lopuma likakhala limodzi lokha, ndipo tsikulo ndi Lamulungu, msasa wa Petulo umamangika mosazindikira. Munthu amayamba kunena kuti Mulungu amamupeza bwino kuphiri kusiyana ndi m'tchalitchi mozizira, mopanda ng'oma, mopanda kwaya yovina, momwe Misa imatha mphindi makumi anayi ndipo palibe womupatsa moni pakhomo. Kudandaula kumeneku n'koona. Komatu phiri silingamumasule munthu ku machimo ake, silingamupatse Ukaristia, ndipo akadwala silidzabwera kuchipatala kudzamuona. Eni ake a Croagh Patrick adazindikira zimenezi, n'chifukwa chake adasenza zipangizo mpaka pansonga kukamangapo guwa. Patrick mwiniwake sadakhalitse pamwamba. Adatsika kukabatiza anthu a mtundu umene udamugwira ukapolo.

Mawu olemera kwambiri ndi a otsala kuno. Paulo Woyera akulembera Timoteo ali m'ndende, kumupempha kuti asenze nawo masautso. Banja limene lidatumiza mwana kunja nthawi zambiri limagawana naye phindu lokha, masautso n'kumusiyira yekha. Fizi ndi yofunikadi, feteleza ndi wofunikadi, ndipo mwana amene waiwala makolo ake ali ndi mlandu pa lamulo lachinayi. Koma mwanayo si banki. Alipo amene atha zaka osamva kholo likufunsa ngati akugona bwino, ngati ali ndi mnzake womuuza zakukhosi, ngati adalapa liti, ngati parishi ya kumeneko akuidziwa dzina. Alipo amene amaopa kuyankha foni ya amayi awo enieni. Ena adabwera m'bokosi pa ndege, abale n'kumadabwa kuti zidayamba liti, poti zithunzi zonse zinkaonetsa munthu wosangalala. Nyengo ya Lenti imapempha kusala, ndipo kusala kumodzi koyenera mabanja otere ndi kuimba foni kamodzi pa sabata popanda kutchulamo ndalama.

Akhristu a ku Blantyre amene adakwerapo Njira ya Mtanda ya paphiri la Michiru, kuchokera ku Chilomoni, akudziwa kuti nawonso amatsika chimanjamanja, mawondo akunjenjemera, koma palibe amene amati ataya nthawi.

Mayi wa pamphakati uja adalangizidwa ndi mnzake wachikulire kuti ayese njira imeneyi. Lamulungu lotsatira madzulo adaimba. Mwanayo atangoyankha adayamba ndi kupepesa: "Amayi, ndalama ija nditumiza Lachisanu, malipiro achedwa." Mayiyo adati, "Ayi mwanangu, sindinaimbire zimenezo. Ndimati undiuze za phiri lija. Unakwera ndi ndani? Nanga miyendo siinatupe?" Kumbali inayo kudakhala chete kwa nthawi, mpaka mayiyo adayang'ana foni kuganiza kuti netiweki yadula. Kenaka mwanayo adayamba kufotokoza: za nkhungu imene idawaphimba ali pakati pa njira, za agogo ena achizungu amene adamubwereka ndodo, za nkhalamba imene ankaisamalira kwa zaka ziwiri ndipo idamwalira sabata imeneyo iye ataigwira dzanja. Adacheza mpaka mayunitsi adatha.