Utsi wa M'mamawa ndi Mlandu wa Oyilo

Aliyense amene anagonapo ku Dedza m'miyezi ya Juni ndi Julayi, pamene nkhungu imatsika m'phiri lija lotalika mamita pafupifupi 2,200 n'kuphimba nyumba ndi mitengo ya paini, adziwa kuti chisanu cha kumeneko sichisankha munthu kapena chitsulo. Pakuti galimoto yokalamba, imene ku Salima ikanalira pongopotokola kiyi, ku Dedza imayamba yatsokomola kaye, kenaka n'kulavula utsi wodetsa nkhawa mwiniwake. Tsono uphungu umene mwiniyo amalandira kawirikawiri ndi wakuti, "Bwana, thirani oyilo wokhuthala, utsiwu usiya." Uphungu umenewu ndiwo ndifuna kuutsutsa, popeza utsi umachepadi, koma nthenda imatsala m'kati.

Utsi ndi mboni, ndipo woweruza wanzeru amayamba waimva mboni asanagamule mlandu. Utsi woyera wopyapyala, umene umazimirira injini ikangofunda, si utsi konse ayi, koma nthunzi. Pakuti petulo akapsa amabala madzi, ndipo madziwo akakomana ndi paipi yozizira ndi mphepo ya m'mamawa amaonekera poyera, popanda chifukwa chilichonse choopera. Koma utsi woyerawo ukakhala wochindikala, wosaleka ngakhale dzuwa litakwera, madzi a mu ladiyeta nawo n'kumaphwa, pamenepo kawirikawiri gasiketi yapsa, ndipo palibe oyilo pansi pano amene angaichize. Utsi wakuda umanena za petulo wochuluka kuposa mpweya: tauni ya Dedza ili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,600, pamene mpweya umachepa ndi gawo limodzi mwa magawo 7 poyerekeza ndi m'mbali mwa nyanja ya mchere, kotero kuti kabuleta yochunidwira ku chigwa imamwetsa injini mopyola muyeso, makamaka choko ikaiwalika.

Mlandu weniweni wa oyilo uli pa utsi wabuluu, wonunkha mafuta opserera. Ukatuluka poliza pokha n'kuleka patapita mphindi pang'ono, kawirikawiri ndiye kuti timphira totseka m'makosi mwa mavavu tauma ndi ukalamba, ndipo usiku wonse oyilo wakhala akudonthera pamwamba pa mapisitoni. Wofuna umboni wina atsike msewu wokhotakhota wa Khwekhwerere wopita ku Golomoti ali pa giya yaing'ono, phazi atalichotsa pa moto. Akafika pachidikha n'kupondanso, ayang'ane pagalasi, pakuti mtambo wabuluu ukabuka pamenepo, mavavu adziulula okha. Koma utsi wosaleka, umene umakula pokwera chitunda ndi katundu, umaloza ku maring'i a mapisitoni, ndiyo nthenda yaikulu yofuna kuphwasula injini.

Tsono tiyeni tione chimene oyilo wokhuthala amachita. Pa chigubu pamalembedwa manambala awiri, monga 20W-50: yoyamba imanena za kayendedwe ka oyilo kukazizira, yachiwiri za kulimba kwake injini ikatentha. Magalimoto aliwiro akale, monga MGB imene inkapangidwa ku Abingdon, ku England, kuyambira 1962 kufikira 1980, anali ndi mipata yotakasuka pakati pa zitsulo zake, ndipo 20W-50 amawayenera ndithu. Koma timagalimoto ta ku Japan timene tadzaza msewu wa M1 masiku ano tinapangidwira oyilo wopepuka, monga 5W-30 kapena 0W-20. Munthu akathira oyilo wolemera kuposa amene anaikidwa ndi opanga injiniyo, kapena SAE 40 wa nambala imodzi, amene m'chisanu amanata ngati uchi wa m'botolo, pampu imavutika kumukweza kumutu kwa injini, ndipo m'kanthawi kameneko zitsulo zimakhulana zisanadzozedwe mokwanira. Chotero mwini galimoto amakondwera kuti utsi wachepa, osadziwa kuti m'mawa uliwonse akufupikitsa masiku a injini yake.

Wina adzati, "Inu mukulankhula za kukonza injini, kodi ndalama zake zichokera kuti?" Funsoli n'lolungama, ndipo sindingamuweruze wamatola amene, pokhala ndi matumba a mbatata ya kachewere oti awafikitse ku msika wa Lizulu, akwezako pang'ono nambala yachiwiri kuti injini yotha maring'i imutumikire kufikira atapeza kangachepe. Komatu achite zimenezi akudziwa kuti wangogula nthawi, asaganize kuti wachiza. Ndipo asakweze nambala yoyamba, pakuti ndiyo imalamulira m'mamawa wa ku Dedza. Apewenso oyilo wa m'mabotolo opanda dzina, amene palibe angachitire umboni za kumene wachokera.

Akuluakulu anati wakutsina khutu ndi mnansi. Timphira ta mavavu ndi totsika mtengo poyerekeza ndi injini yathunthu, ndipo makaniko waluso amatha kutisintha nthenda isanafalikire. Choncho woliza galimoto yake kukuzizira aipatse kamphindi kuti oyilo azungulire, asaipemerere moto ikadali yozizira, ayambe ulendo mofatsa, ndipo asanatulutse khobidi kugula chigubu, aime kaye kumbuyo kwa galimoto n'kuona mtundu wa utsi umene ukutuluka.