Kwa Mdzukulu Wanga Amene Wayamba Kupemphera Kwina

Amayi ako anafika kuno Loweruka nkhope ili yakugwa. Akuti unasiya kupita kutchalitchi kumene unabatizidwa, ndipo masiku ano ukupemphera m'kalasi ya pasukulu ya pulaimale ndi anzako ochepa, motsogozedwa ndi mnyamata amene mukumutchula kuti mneneri. Iwo amafuna kuti ndikukalipire. Ndinawauza kuti ndilemba kalata, chifukwa mawu a pakamwa mwana amawayankha asanawamvetse, pamene a papepala amalowa nawo kuchipinda n'kuwawerenga kawiri.

Kagulu kanuko sindikukanyoza, mdzukulu wanga. Mipingo yambiri imene lero ili ndi mabelu, sukulu ndi zipatala inayamba mmene mwayambiramu. John Wesley, amene anayambitsa Methodist, anayamba kulalikira panja ku Bristol m'chaka cha 1739, kwa anthu osauka amene matchalitchi a nthawiyo sankawalabadira, ndipo akuluakulu a chipembedzo ankamuona ngati wosokoneza. Kwathu kuno Elliot Kamwana atabwera kuchokera ku South Africa mu 1908 ndi chiphunzitso cha Watch Tower, anabatiza Atonga oposa 9,000 m'miyezi yowerengeka. Anthuwo sanali opusa. Kumishoni ya Livingstonia munthu ankadikira zaka ali m'kalasi asanabatizidwe, pamene Kamwana ankabatiza msanga, ndipo ankalankhula za msonkho umene unkawawa aliyense. Mpingo watsopano umaphuka pomwe wakale wasiya anthu ndi njala. Ngati iwe wapeza kumeneko anthu okudziwa dzina, okuyendera ukadwala, ndiye kuti ife a mpingo wakale tili ndi mlandu wathu woti tiyankhe.

Koma chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Mipingo yonse ikamayamba imafanana: nyimbo zotentha, misozi, kukondana ngati ana a mimba imodzi. Umene udzamange chipatala ndi umene udzakwirire anthu ake sungawasiyanitse chaka choyamba. Amasiyana tsiku limene chinthu cholonjezedwa chalephera kuchitika, ndipo nkhani imeneyi ndi imene ndikufuna uimve bwino.

Ku America kunali mlimi wina wa mpingo wa Baptist, dzina lake William Miller. Atawerenga buku la Danieli kwa zaka zambiri, anatsimikiza kuti Yesu abweranso cha m'ma 1843 kapena 1844, ndipo omutsatira anadzakhazikika pa tsiku la 22 October 1844. Anthu zikwizikwi anakhulupirira. Ena anasiya mbewu m'munda osakolola, ena anatseka masitolo awo. Tsikulo linafika, anadikira mpaka pakati pa usiku, kunacha ngati masiku onse. Taganiza manyazi ake pobwerera kumudzi kumene anthu anawachenjeza! Ambiri anachoka, ndipo palibe anawatsekera njira. Miller mwini wake anavomera poyera kuti analakwitsa. Kagulu kochepa kanatsala, kanabwerera ku Baibulo, n'kumasulira kuti tsikulo linali lonena za zochitika kumwamba osati pansi pano. Kaya kumasulirako ukukuvomereza kaya ayi, ona chimene anachita pambuyo pake: anasiya kutchula masiku, anayamba kusindikiza mabuku, kuphunzitsa za ukhondo ndi zakudya, ndipo mu 1863 anakhazikitsa mpingo wa Seventh-day Adventist ali anthu pafupifupi 3,500. Mu 1902 anafika ku Thyolo, pamalo pamene lero pali Malamulo. Munthu akagonekedwa m'chipatala cha Malamulo lero, akusamalidwa ndi zidzukulu za chikhulupiriro cha anthu aja amene anachezera usiku akuyang'ana kumwamba.

Tsono tamva za ku Kanungu, m'dziko la Uganda. Kumeneko Joseph Kibwetere ndi Credonia Mwerinde ankatsogolera gulu lofuna kubwezeretsa Malamulo Khumi a Mulungu. Nawonso anatchula tsiku, kutha kwa chaka cha 1999. Anthu anagulitsa minda ndi ziweto n'kupereka ndalama kwa atsogoleri. Ankakhala kwaokha, kutali ndi abale, ndipo ankaletsedwa kulankhula wambawamba moti nthawi zambiri ankangolankhulana ndi manja. Chaka cha 2000 chitalowa dziko lili chilili, ena anayamba kufunsa za katundu wawo. Pa 17 March 2000 anthu anasonkhanitsidwa m'tchalitchi, mazenera atakhomedwa, ndipo nyumbayo inayaka. Apolisi atafufuza anapezanso mitembo m'maenje pa malo ena a gululo. Onse pamodzi anaposa 700, ndipo ambiri anali amayi ndi ana. Ndikamakumbukira za anawo mtima umandiwawa mpaka lero, chifukwa iwo sanasankhe kalikonse, anangotsatira amayi awo.

Magulu awiriwa onse analakwitsa tsiku. Kulakwitsa pakokha sikunaphe munthu. Otsatira a Miller anali ndi makomo awo, minda yawo, abale awo, ndiponso mtsogoleri wotha kunena kuti ndinaphonya. A ku Kanungu analibe kobwerera, ndipo atsogoleri awo analibe choyankha kwa anthu amene anawadyera chuma. N'chifukwa chake ndikukupempha kuti uzikumbukira zimene mneneri wanuyo amalosera. Akanena kuti wakutiwakuti apeza ntchito mwezi uno, kapena wodwala uja achira, mwezi ukatha uone mmene ayankhulire. Ngati avomera kuti sizinachitike, ndi munthu woti n'kuyenda naye. Ngati nthawi zonse wolakwa amakhala wodwalayo chifukwa chikhulupiriro chake n'chochepa, kapena azakhali ake chifukwa akuti ndi mfiti, dziwa kuti moto wayamba kufuka.

Pali mayeso ena amene kagulu kanuko sikanafikepo, koma kadzafika: maliro a woyambitsa. Katswiri wina wa ku Germany, Max Weber, analemba kuti mphamvu ya mneneri imakhala mwa iye mwini, ndipo akamwalira gulu limakakamizika kuisandutsa malamulo, maudindo ndi makomiti, apo ayi limabalalika. Engenas Lekganyane, amene anayambitsa Zion Christian Church ku South Africa, atamwalira mu 1948 mpingo unagawanika pakati pa ana ake awiri, Edward ndi Joseph. Mpaka lero ena amavala baji ya nyenyezi, ena ya nkhunda, ndipo malikulu awo ali moyandikana ku Moria. Mpingo wa John Chilembwe ku Mbombwe unatsekedwa pambuyo pa nkhondo ya 1915, koma unadzukanso mu 1926 pansi pa Dr Daniel Malikebu, chifukwa anthu ake anali atagwira chinthu choposa munthu mmodzi. Inu achinyamata mumanyansidwa ndi misonkhano ya akulu a mpingo, mabuku a msungichuma ndi mavoti, mumati zimazimitsa Mzimu. Nthawi zina zimazimitsadi, sindikana. Koma buku la msungichuma lija ndi limene limateteza mayi wamasiye amene wapereka chakhumi chake. Ukafunse mwaulemu kuti chopereka cha Lamlungu amawerenga ndani, ndipo amasunga kuti. Ngati funso laling'ono ngati limeneli likwiyitsa anthu, wamva kale yankho.

Ndiye pali ana. Mu 1929 H. Richard Niebuhr anaonetsa kuti kagulu kopatuka sikakhala kotentha kupitirira m'badwo umodzi, chifukwa makolo analowa mwa kusankha, atalipira mtengo wa kunyozedwa, pamene ana amangobadwiramo. Anawo amafuna Sande sukulu, ukwati wa m'tchalitchi, manda a mpingo, m'busa wophunzira. Wesley yemwe anadandaula ali moyo kuti anthu ake akasiya mowa n'kuyamba khama amalemera, ndipo akalemera moto uja umazilala. Ukadzakhala ndi zaka zangazi, mwina mdzukulu wako adzakuuza kuti mpingo wanu ndi wozizira, iye wapeza kumene kuli moto weniweni. Udzakumbukire kalata ino tsiku limenelo, ndipo usadzamuthamangitse pakhomo.

Sindikukuuza kuti ubwerere kumpingo kwathu. Wakula, ndipo za moyo wako wauzimu udzayankha wekha. Koma pali zinthu zimene ndikukana kuti uzisiye m'manja mwa munthu aliyense, ngakhale atalosera zoona kakhumi. Sukulu yako umalize. Makina osokera amene amayi ako anakugulira usagulitse kuti ukafese mbewu kwa mneneri. Ukadwala upite kuchipatala, akupempherere uli ndi mankhwala m'manja. Kunkhalango ya Shakahola m'dziko la Kenya, mu 2023, anafukula mitembo yoposa 400 ya anthu amene anauzidwa kuti asale kudya mpaka akaonane ndi Yesu, ndipo njira yopita kunkhalango imeneyo inayamba ndi kukana sukulu ndi chipatala. Maliro akachitika kwathu kuno ubwere, ukhale pa siwa ndi abale ako ngakhale nyimbo zake zikhale za mpingo umene unausiya. Tsiku limene mneneriyo adzakuuze kuti amayi ako ndi mdima, usamadye nawo mbale imodzi, usadikirenso chizindikiro china.

Uonenso mmene amachitira ndi munthu amene wachoka. Pa anzako amene munayamba nawo, ndikhulupirira alipo amene anasiya kubwera. Kodi mukakumana naye pamsika mumapatsana moni? Kodi dzina lake limatchulidwa bwanji pa guwa? Zimene akumuchitira iyeyo ndi zimene adzakuchitire iwe ukadzafunsa funso lovuta.

Amayi ako ndawauza kuti asiye kukulankhula mokalipa, ndipo avomera, ngakhale monyinyirika. Iwenso uwayankhe mofatsa, akuchita zonsezi ndi mantha. Lamlungu likubwerali ndifika ndi minibasi yam'mawa, ndipite nawe limodzi kukalasiko kuti ndikamve ndekha zimene zikulalikidwa. Undipezere mpando, ndipo mneneriyo umuuziretu kuti agogo ako adzafuna kucheza naye mapemphero akatha.