Mvuu ku Phiri, Nyani pa Doko

Padangotelo.

Tili tonse.

Kalekale, m'chigwa cha Luangwa, nyama zinali ndi mfumu yawo, Njovu. Bwalo lake linali ku Mfuwe, kumene madzi saphwa ngakhale m'chilimwe. Antchito onse a mfumu anaunjikana komweko. Alonda khumi ankalondera nkhokwe imodzi, amithenga asanu nkumalimbirana uthenga umodzi. Koma ku Malama ndi ku Msoro kunalibe wantchito ndi mmodzi yemwe. Moto ukabuka m'tchire panalibe wochenjeza, ndipo mtsinje wa Lupande ukadzaza panalibe woolotsa ana.

Tsiku lina Gwape anafika kuchokera ku Msoro, miyendo itatupa. Anagwada naomba m'manja.

"Zikomo mfumu. Msonkho wa masau timapereka chaka ndi chaka, koma wantchito wanu sitinamuonepo. Kodi ife si ana anu?"

Njovu anagwidwa ndi manyazi. Anaitana nduna yake, Fisi, nati, "Gawa antchitowa, afike m'chigwa monse."

Fisi anaona kuti mwayi ndi umenewu. Abale ake anawasiya pa mthunzi ku Mfuwe, ndipo aliyense amene anakanganapo naye anamuponya kutali. Mvuu anamutumiza ku mapiri a Chindeni kuti akakhale mlonda wa moto. Nyani anamuika pa doko la Lupande. Kadzidzi anamulamula kulondera masana. Kalulu anapereka fupa kwa Fisi mobisa, dzina lake nkulembedwa malo awiri. Ankalandira phoso kawiri, koma iye ali gone pansi pa mlambe.

Sipanatenge nthawi. Khungu la Mvuu linang'ambika ndi dzuwa, nagona osatha kudzuka, ndipo moto unapsereza tchire lonse. Dzinja litafika, Nyani anaona madzi akusefukira nathawira mumtengo, ana a Gwape akulira kutsidya. Kadzidzi ankasinza, akuba nkumakokolola nkhokwe dzuwa likuswa mtengo.

Njovu anakwiya. "Antchitowa ndi aulesi! Ndiwachotsa onse."

Pamenepo Fulu, nkhalamba ya m'chigwamo, anatulutsa mutu.

"Pepani mfumu, ndilankhuleko. Ulesi palibe apa. Kodi munawafunsa ntchito imene aliyense amaidziwa? Kodi munawawerenga? Nanga kumene munawatumizako munakonzako pogona ndi madzi?"

Njovu anaweramitsa mutu. "Ambuya, sindinachite zimenezo. Tithandizeni."

Fulu anaitana onse pabwalo, nayamba kutchula maina mmodzimmodzi. Dzina la Kalulu litamveka kawiri, khamu linafuula, ndipo anamulamula kubweza phoso lonse. Kenaka Fulu anafunsa midzi kuti inene chosowa chake, nafunsanso antchito kuti anene luso lawo, zonse poyera.

Mvuu anapita pa doko, ndipo ana ankaoloka ali pamsana pake. Nyamalikiti, wa khosi lalitali, anakhala mlonda wa moto. Kadzidzi anabwerera ku ulonda wa usiku. Njiri anakafukula zitsime mumchenga wa mitsinje youma, Njiwa nkumanyamula mauthenga pakati pa Malama ndi Mfuwe. Nyani ankakwera m'mitengo kugwetsera okalamba zipatso. Abale a Fisi nawo anagawidwa monga anzawo, ndipo Fisi analandidwa unduna.

Mfumu inalamulanso kuti wotumizidwa kutali amangiridwe nyumba asananyamuke, phoso lake lichuluke, ndipo pakapita nyengo azisinthana ndi anzake. Kuyambira pamenepo palibe amene ankaona ulendo wa ku Malama ngati chilango. Antchito anali omwe aja, koma chigwa chonse chinathandizika.

Nthano yathera pomwepa.

Phunziro

M'chaka cha 2022 boma la Zambia linalemba ntchito aphunzitsi oposa 30,000 ndi antchito a zaumoyo oposa 11,000. Ndi chinthu chachikulu. Koma kuchuluka kwa antchito sikupindula ngati aunjikana pamene pali msewu wa phula ndi magetsi, pomwe mwana wa kwa Mfumu Malama, Nsefu kapena Msoro akudikira mphunzitsi. Inu amene muli ndi mphamvu zosamutsa antchito, awerengeni kaye, muone luso lawo, mukonze kumene akupita, ndipo musasamutse munthu chifukwa cha chidani kapena kumusunga chifukwa cha chibale. Inunso antchito a boma, mukatumizidwa kumudzi pitani ndi mtima wonse, pakuti amene ali kumeneko ndi anthu omwe munalonjeza kuwatumikira.