Mlendo Wothandiza ndi Mwini Mudzi

M'mwezi wa Malichi 2023 namondwe wa Freddy anagumula matope ndi miyala m'phiri la Soche, nakwirira nyumba za ku Chilobwe, ndipo m'dziko lonse anafa anthu oposa 1,000. Pamenepo anadza alendo. Asing'anga a Médecins Sans Frontières anamanga mabala ku Blantyre, ndi ena a ku Britain anadza ndi mabwato kudzapulumutsa ozingidwa ndi madzi. Tiwayamika ndithu.

Koma tidzifunse: kodi chifundo cha mlendo chimasula mwini mudzi ku mangawa ake? Iyayi. Makolo anati mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka. Ngakhale Msamariya uja sanakhalitse, koma anasiya wovulalayo m'manja mwa mwini nyumba ya alendo, napita ulendo wake. Eni nyumbayo ndife.

Tsono tisakhale manja lende kuyembekeza a kutsidya la nyanja. Kufolera denga la mayi wamasiye, kulera ana otsala, kubzala mitengo paphiri limene tinalimeta tokha, zimenezi nzathu. Mlendo adzayankha za masiku ake owerengeka, koma ife Ambuye adzatifunsa za zaka zonse.